A Sindinamve ndi Njere ya Khumi

Uthenga wa imfa ya Profesori Gerivazio unandipeza ku Cuamba Lachiwiri m'mawa, ndikukankha njinga pafupi ndi msika. Anandiimbira foni ndi mnzanga amene tinkakhala naye benchi limodzi ku sekondale ku Mandimba, ndipo dzina lenileni sanalitchule n'komwe. Anangoti, "Lusiya, a Sindinamve atisiya." Ndinaima pakati pa msewu mpaka wanjinga yamoto wina anandilalatira. Ndinene zoona, chisoni chinabwera pambuyo, choyamba kufika chinali manyazi. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndinkawazemba bambo amenewa. Ndikapita ku Mandimba n'kuwaona patali akupalasa kanjinga kawo kakuda, ndinkalowa m'sitolo iliyonse imene ili pafupi, moti tsiku lina ndinagula loko wa chitseko chimene ndilibe. Ndinkakhulupirira kuti sanandikhululukire zimene ndinawachititsa m'mudzi wina wa ku Ngauma, ndipo tsopano woti ndimufunse panalibenso.

Dzina lakuti a Sindinamve tinawapatsa ndife ana a sukulu, koma anadziputira okha. Ankaphunzitsa sayansi, ndipo chaka chilichonse ankapereka ntchito imodzi imene m'mabuku munalibe. Ife tinkaitcha ntchito ya chitini. Aliyense ankasankha chinthu chimodzi chimene waphunzira m'kalasi, n'kusankhanso anthu oti akawafotokozere, anthu oti sanakhalepo pa benchi la sayansi. Chipwitikizi chinali choletsedwa. Unkayenera kulankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chimakuwa, malinga ndi makutu amene wasankha. Pakatha sabata, aphunzitsiwo ankapita okha kwa anthu aja, wophunzira osapezekapo, atatenga chitini cha mkaka muli njere za chimanga makumi awiri. Ankawapempha kuti awaphunzitse zimene mwanayo anawauza. Akatha kumvetsera ankakhuthulira njere zija pamphasa, ndipo anthuwo ankabwezera m'chitini njere zimene akuona kuti mwanayo zikumuyenera. Imeneyo ndiyo inkakhala nota yako, kunena kuti malikisi ako, ndipo ankailemba momwemo osawonjezera kapena kuchotsera. Kwathu kuno mwana amakhoza akafika pa khumi mwa makumi awiri, ndiye njere ya khumi inali yolemera kuposa zinzake zonse.

Usanapite kukafotokozera anthu ako, malamulo anali awiri. Loyamba, upite katatu kukangokhala nawo, pakamwa potseka, umve mawu amene iwo amatchulira zinthu ndi zimene zikuwasowetsa tulo. Lachiwiri, ubwere pakhonde pawo udzayesere. Ankakhala pa mpando wolukidwa ndi zingwe za chikopa cha mbuzi, maso atatsinzina, manja ali pamimba, ndipo chapambali pake akazi awo, Mayi Adelina, ankakazinga mandasi ogulitsa. Ukangotulutsa liwu la m'buku, iwo osatsegula n'komwe diso: "Sindinamve." Uyambirenso. "Sindinamve." Ena ankalira misozi yeniyeni. Nthawi zina ankatembenukira kwa akazi awo n'kufunsa ngati iwo amvako, ndipo mayiwo ankayankha mopanda chifundo kuti amva phokoso basi. Koma ukafika poti Mayi Adelina asiya kutembenuza mandasi n'kukuponyera funso, pamenepo a Profesori ankatsegula maso n'kunena kuti "purontu," kutanthauza kuti zatheka, pita. Kuyamikira kwawo konse kunkathera pa liwu limenelo.

Zokumbukira za chitini n'zambiri. Mtsikana wina wa ku Amaramba anafotokozera amayi oyanika nsomba chifukwa chimene mchere umaletsera nsomba kuwola, ndipo amayiwo anamupatsa njere khumi ndi zisanu ndi zitatu, kuwonjezapo mlamba wowamba wa aphunzitsi. Mnzathu wina wodzimva anasankha madalaivala a shapa, timaminibasi tathu tija, kuti awauze chifukwa chimene galimoto yosenza katundu wambiri padenga imagubudukira pokhota. Madalaivalawo anamva bwino lomwe, anabwereza phunziro lonse osaphonya, n'kumupatsa njere zinayi, akuti chifukwa chowalowerera pa ntchito yawo. A Profesori analemba zinayizo. Mnzathuyo atadandaula, anamuuza kuti kumveka n'kwina, kulandiridwa n'kwina, ndipo wasayansi wosowa chimodzi mwa ziwirizi amangolankhulira m'mphepo.

Kumene anazitenga zonsezi ankakunena kawirikawiri. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi monga anachitira makolo anga, ndipo ankaphunzitsa ana pansi pa mtengo kumsasa wa othawa kwawo. Kumeneko anaona alendo achifundo akugawa timapepala ta mchere ndi shuga tothandiza munthu wotsegula m'mimba. Alendowo anafotokoza, anaonetsa zithunzi, n'kufunsa ngati anthu amva. Onse anavomera kuti amva. Madzulo ake timapepala tija tinathera m'ndiwo. Kuyambira pamenepo funso lakuti "mwamva" analitaya, chifukwa ankati kwathu "tamva" ndi ulemu chabe, sungauze mlendo amene wakubweretsera mphatso kuti zonena zake sizinalowe. Mtendere utabwera anabwerera ku Mandimba ndi njinga, bokosi la mabuku ndi mfundo imeneyo.

Ndi akuluakulu a sukulu sankamwerana madzi. A diretori, mkulu wa sukulu wa nthawi yathu, ankati Gerivazio akusandutsa sukulu msika, ana abwera kudzaphunzira Chipwitikizi iye akuwabwezera ku chilankhulo cha kudimba. Iwo ankayankha kuti mwana amene amatha kunena chinthu m'Chipwitikizi chokha wavala jekete yobwereka, tsiku lina mwini wake adzaifuna. Sindifuna kuwasandutsa mngelo chifukwa chakuti amwalira. Anali amakani. Sankapepesa, sankaitana munthu kawiri, ndipo Mayi Adelina ankanena poyera kuti anakwatiwa ndi chitsa. Chofooka chawo china, chimene Mandimba yense ankachidziwa, chinali mimba. Nyemba, mkaka, mango osapsa bwino, madzi achilendo, zonsezi zinkawathamangitsa. Akatilembera ntchito pabolodi n'kutuluka mofulumira osanena kumene akupita, tinkangoyang'anana n'kudziwa kuti dzulo kunali nyemba.

Chaka changa cha chitini ndinasankha madzi akumwa. Ndinkafuna kufotokozera amayi a pachitsime m'mudzi wa azakhali anga ku Ngauma za madontho othira m'madzi kuti aphe tizilombo, aja m'buku amati kloro. Ndinali woyamba m'kalasi, ndipo m'mutu mwanga pakhonde paja panali pa anthu ofooka. Maulendo atatu omvetsera sindinapite, ndinati anthuwo ndimawadziwa kale. Kukayesera sindinapitenso. Safunsa anadya phula. Ndikanapita ndikanamva kuti m'nyengo ya mvula ya chaka chomwecho kolera anali atatenga anthu m'mudzimo, ndiponso kuti kunali mphekesera yakuti matendawa sabwera okha, amabwera m'botolo ndi anthu ovala bwino ochokera kutauni.

Ndinafika Loweruka m'mawa, nyengo imene fodya amakhala m'zigafa, nditavala yunifomu yosita bwino, botolo lili m'chikwama. Pachitsime panali amayi oposa khumi. Sindinakhale pansi. Ndinaimirira ngati mlendo wa boma n'kulengeza kuti ndabwera ndi chinthu choti tizithira m'madzi. Chimene chinandipereka ndi lilime langa lomwe. Ife a Chinyanja sititha kugundanitsa "k" ndi "l" popanda kuikapo kanthu pakati, ndiye kloro pakamwa panga anatuluka ali "koloro." Ndinalibwereza liwulo katatu monyadira, kenako ndinadonthezera m'ndowa imene inali pafupi nane. Ndowayo inali ya Mayi Esinati, amene anali ataika m'manda mwana wawo wazaka zisanu pasanathe miyezi iwiri.

"Wati chiyani?" anafunsa Mayi Esinati, mawu ali pansipansi.

"Koloro, mayi."

"Mwamva nonse? Wanena ndi pakamwa pake! Wathira kolera m'ndowa yanga!"

Ndinayesa kukonza, koma ndikabwereza liwulo moto unkangokulirakulira. Amuna anatuluka m'zigafa atanyamula mipini. Azakhali anandikokera m'nyumba mwawo n'kuima pakhomo manja atatambasula, ndipo amuna awo anakwera njinga kuthamangira ku Mandimba, ulendo wa maola atatu. Ine ndinalowa pansi pa bedi, ndikumva anthu panja akukangana ngati aotche nyumbayo pompo kapena adikire kaye. Ndowa ija anaiika pakati pa bwalo ataivundikira ndi lichero kuti ikhale umboni.

A Profesori anafika dzuwa litapendeka, popanda wapolisi. Amuna a azakhali ankafuna adzere kupolisi, koma iwo anakana, akuti mfuti ikangofika pachitsime ndiye kuti mphekesera yasanduka choonadi. Zotsatira ndinaziona pa kabowo ka zenera. Anatsamiritsa njinga pamtengo, anavula nsapato, anakhala pansi padothi pamaso pa amayi, n'kupereka moni kwa mmodzimmodzi ngati afika pasiwa. Za ine sanayambe atchulapo. Anapempha kuti awauze za matenda aja, ndipo anamvetsera pafupifupi ola lathunthu: anayamba ndani, anatsatira ndani, anapita ndani. Atatha onse, anafunsa funso.

"Munthu akamwa kolera, pamatenga masiku angati kuti adwale?"

"Mwana wanga anatenga awiri," anayankha Mayi Esinati.

"Ena atatu," anawonjeza bambo wina wa mpini.

"Matendawa mukuwadziwa ndinu, ine ndinangowawerenga," anatero a Profesori. "Ndiye tichite chonchi. Mwanayu ndi wanga, ndinamutuma ndine. Madzi awa ndimwa ine. Ndikhala kuno masiku asanu, pakhonde panu mayi, ndizidya zimene mukudya, muzindiona ndi maso anu. Ndikadwala, muchite nafe zimene mtima wanu ukufuna. Ndikapanda kudwala, mwanayu mumusiye apite kwawo."

Anavundukula ndowa ija, anamwa zikho ziwiri zodzaza, n'kunena kuti madziwo akununkhira kuchipatala. Palibe anaseka. Ine thukuta linali kamukamu, chifukwa ndinkadziwa chimene anthu a m'mudzimo sankachidziwa, chakuti moyo wanga wautsamiritsa pa mimba yosadalirika kuposa mimba zonse za ku Mandimba.

Masiku asanuwo ndinawathera pa kabowo komweko. Amuna awiri ankasinthana kukhala pansi pa mtengo moyang'anizana ndi chimbudzi cha Mayi Esinati, kuwerenga maulendo a mlendo. A Profesori ankathandiza kusoka fodya, ankasenda chimanga, ankacheza ndi aliyense wofuna kucheza. Tsiku lachiwiri ndinaona Mayi Esinati akuwaikira mbale ya nyemba, ndipo ndinayamba kupemphera m'zilankhulo zonse zimene ndimadziwa. Anadya mpaka kupukuta mbale, chifukwa kukana chakudya kukanaoneka ngati pali chimene akubisa. Tsiku lachitatu ndi lachinayi Mayi Esinati anawapatsa khasu n'kupita nawo kudimba kwawo kutsidya kwa khwawa, atauza olondera aja kuti abwerere ku fodya wawo, mlendoyo amuyang'anira okha, pakuti palibe amene ali ndi chifukwa chomulondera kuposa iwo. Ine ndinkaganiza kuti akuwalimitsa ngati chilango.

Tsiku lachisanu anthu anasonkhana pabwalo. A Profesori anaimirira pakati, ataonda pang'ono, ndevu zitamera. Mayi Esinati ananena mawu ochepa: "Munthuyu alibe kolera. Ndamuyang'anira ndekha." Amuna a mipini anayang'ana pansi, wina anakhosomola, anthu anayamba kubalalika. Azakhali atatsegula chitseko, ndinangokhala pakhomo pomwepo n'kulira. Mpumulo wa tsiku limenelo ndimaumvabe mpaka lero.

Koma unatha msanga. Anandikweza pa kaliyala wa njinga yawo, ndipo ulendo wonse wa maola atatu sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Ndinayesa kupepesa kawiri, iwo duu. Titafika pakhomo pa makolo anga anangoti, "Tsika." Sabata yotsatira a diretori analetsa ntchito ya chitini, anawalembera kalata yowachenjeza, n'kuwachotsa m'makalasi akuluakulu kwa zaka ziwiri. Pepala langa litabwera, panali nota zisanu ndi zinayi, ndipo m'munsi mwake analemba kuti, "Bwera udzafunse." Ndinadziwerengera ndekha kuti chitini sichinapite ku Ngauma, popeza chinali choletsedwa, ndiye zisanu ndi zinayizo zinali chigamulo chawo, ataperewetsa imodzi mwadala kuti indilume. Kukafunsa ndinakuona ngati kukatenga chikwapu ndi manja anga. Sindinapite. Chaka chimenecho ndinakhoza ndi mayeso ena, ndinapitiriza sukulu, ndipo lero ndimagwira ntchito yoyeza magazi ndi madzi ku Cuamba. Ku mudzi uja sindinapondenso phazi.

Chitini chinabwereranso a diretori aja atasamutsidwa. Ngakhale atapuma pa ntchito, maso atayamba kuchita nkhungu, ana a sukulu ankapitabe pakhonde paja kukamva "sindinamve." Anzanga ankandiuza kuti nthawi zina amafunsa kuti kodi wa madzi uja ali kuti. Ine ndinkamva ngati akundinyoza, ndipo ndinkasintha nkhani.

Ku maliro ndinapita nditakonzeka kukhala kumbuyo. Anthu anali ambiri: aphunzitsi, asodzi a ku Amaramba, okonza njinga, ndi dalaivala wina wokalamba amene ankauza aliyense kuti iye ndi mmodzi mwa amene anapereka njere zinayi zija, ndipo kuti kuyambira chaka chimenecho matumba olemera amawaika pansi pa mipando. Titabwera kumanda ndinazembera kuseri kwa nyumba kumene amayi ankatsuka mbale, poganiza kuti kumeneko palibe wondidziwa. Posakhalitsa ndinamva mawu a gogo wina amene anali atangotsika pa njinga yamoto, ndodo ili m'manja.

"Kodi mwana wa koloro uja wabwera?"

Pakanakhala sitolo pafupi ndikanagulanso loko. Anali Mayi Esinati, atafupika, mano atatha, koma maso ali omwe aja. Mayi Adelina, amene anali atatuluka m'nyumba ya siwa kudzapuma mphepo, anandiloza ndi chibwano. Gogoyo anakhala pa mtondo wogona pafupi ndi thandala la mbale n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe eti? Wakula. Ukudziwa kuti aphunzitsi akowa anatsegula m'mimba pakhomo panga?"

Ndinapukusa mutu, iwo n'kupitiriza.

"Tsiku lachitatu m'mawa. Nyemba zija. Anabwera kwa ine nkhope itagwa, akuti, 'Mayi, zandichitikira. Itanani anthu ndiwauze, tinapangana kuti sindibisa kanthu.' Ine ndinati dikirani ndikaone. Ndinakaona. Mwanawe, ine ndinasamalira mwana wanga mpaka kumapeto, kolera ndimamudziwa. Amatuluka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo maso a munthu amalowa tsiku lomwelo. Zawozo zinali nyemba basi. Ndinawauza kuti, 'Bambo, zoona zanuzo mukakazinena pabwalo, anthu awa sakamva nyemba, akamva kolera, ndipo mwana uja saona dzuwa la mawa. Tengani khasu tizipita kudimba.'"

"Koma agogo," ndinafunsa, "munawabisa bwanji, inu amene munandigwira?"

"Munthu wobwera kudzapha anzake sabwera yekha kudzaulula kuti wadwala. Ine ndinakhulupirira pamenepo, za tsiku lachisanu zija zinali za amuna."

Mayi Adelina anapukusa mutu. "Ndipo iwe unkati anakukwiyira panjira paja? Anali atatheratu munthu. Atafika kuno anagwera pa mpando wawo uja, masiku awiri akumwa phala lokha. Anandiuza kuti mphamvu zinangotsala za chinthu chimodzi, kupalasa kapena kulankhula, ndiye anasankha choti mufike."

Ndinaseka. Pa maliro a aphunzitsi anga, ndikulira, ndinaseka mpaka amayi otsuka mbale anacheuka. Kenako ndinalimba mtima n'kufunsa funso limene ndinayenera kufunsa zaka makumi awiri zapitazo, la njere zisanu ndi zinayi zija.

"Zimenezo ndinaika ndine," anatero Mayi Esinati. "Anabweranso ndi chitini chawo, akuti kusukulu aletsa koma chitsime si cha sukulu. Tinakhala amayi tonse. Iwo anakupepesera, ndipo akazi awowa akuti aka kanali koyamba kupepesa chibadwire. Ankati mpatseni khumi akhoze, wolakwa ndine, ndinaona kuti sanabwere pakhonde koma sindinamutsatire. Ine ndinakana. Ndinaponya zisanu ndi zinayi chifukwa cha kulimba mtima kwako, ya khumi ndinamanga kunsonga ya chitenje. Ndinati adzaitenge yekha akadzabwera kudzamaliza phunziro. Tinangomva dzina lokha, ndipo dzinalo tinalimva molakwika."

"Nanga madonthowo?"

"Timathira mpaka lero, timati madontho a aphunzitsi. Anatisonyeza muyezo. Koma chimene amachita m'madzimo anakana kutiuza, akuti phunzirolo lili ndi mwini wake. Chaka chilichonse akabwera kudzationa ndinkafunsa kuti mwana uja ali kuti. Iwo ankati abwera, ndinamulembera."

"Ndinawauza kangati kuti kamuitaneni nokha?" anatero Mayi Adelina. "Chitsa. Ndipo mwapezana, iwenso ndiwe chitsa."

Gogoyo anagogoda pansi ndi ndodo. "Tsono ndakalamba, sindingadikirenso. Fotokoza."

Ine amene ndimaona tizilombo pa makina tsiku ndi tsiku ndinatsegula pakamwa n'kupeza kuti mawu onse amene alimo ndi a Chipwitikizi. Ndinatseka. Ndinavula nsapato n'kukhala pansi padothi. Kenako ndinafunsa Mayi Esinati chimene amachita ndi nazale ya fodya asanafese.

"Timaunjikapo mapesi n'kutentha."

"Chifukwa chiyani, dothi likuoneka labwinobwino?"

"Kuoneka si kanthu. Mumakhala njere za udzu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Ukapanda kutentha, fodya sangakule."

"Madzi a pachitsimenso ndi choncho, agogo. Amaoneka oyera, koma mumakhala timbewu ta matenda. Madontho aja ndi moto wake, kungoti ulibe lawi. Mukatentha nazale, mumafesa nthawi yomweyo?"

"Iyayi, timadikira moto umalize ntchito."

"Madzinso muziwadikira theka la ola musanamwe. Nanga mapesi akachepa?"

"Udzu umamera ndithu."

"N'chifukwa chake muyezo sachepetsa."

Amayi otsuka mbale anali atasiya kutsuka. Mayi Adelina anayandikira, manja ali m'chiuno. "Nanga madzi akakhala amatope, ngati a m'nyengo ya mvula?"

"Nazale yonyowa sipsa bwino, mayi. Muyambe mwawasefa pansalu kapena kuwasiya adikhe, kenako muthire."

Anandiyang'ana maso atadzaza misozi, n'kunena motsanzira mawu a amuna awo kuti, "Purontu."

Mayi Esinati anamasula mfundo ya kunsonga ya chitenje. Munali njere imodzi ya chimanga choyera. Anati yoyamba ija anankafumbwe anaidya kalekale, ndiye ankaisintha chaka chilichonse akakolola. Anandiika m'dzanja n'kupinda zala zanga. Sindinamvepo kupepukidwa kotero. Zinali ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinaiwala kuti ndausenza. Bambo amene ndinkawathawa m'misewu ya Mandimba sanandisungire mkwiyo tsiku ngakhale limodzi, ankangodikira kuti ndibwere, ndipo ine ndinkadikira kuti andiitane. Zaka zimene tinataya zikundipweteka, koma mtima wanga wakhala m'malo.

M'mawa mwake, ndisanakakwere shapa yobwerera ku Cuamba, ndinadzera pakhonde paja. Anthu a maliro anali atasesa n'kuchotsa mabenchi. Mpando wa zingwe za chikopa uli pomwe unkakhala, pakati pake pali polowa malinga ndi thupi la mwini wake, ndipo m'mbali mwake momwe ankatsamiritsa zigongono mwachita kusalala. Kanjinga kakuda katsamira khoma, tayala lakumbuyo laphwa. Mbaula ya mandasi ndi yozizira, ndipo Mayi Adelina akuti sakudziwa ngati adzaiyatsanso pamalo pamenepo, poti kukazinga popanda womutsutsa sikukoma. Pazenera pali zitini ziwiri. China n'chatsopanoko, muli njere makumi awiri zodikira mwana wa chaka chino. Chinacho n'chadzimbiri, ndipo pambali pake anakandapo ndi msomali dzina langa. Mkati mwake muli timakoko ta njere zisanu ndi zinayi ndi fumbi la anankafumbwe.

Ndinaponyamo ya khumi. Inalira kamodzi pansi pa chitini. Ndinaima pang'ono ndikuyang'ana mpando uja, kudikira ngati wina anganene kuti sanamve, koma palibe ananena.